Tayala la pa Msewu wa ku Chiringa

Lachinayi, 17 Ogasiti 2000

Lero dzanja lalola kugwira cholembera. Kope ili wandigulira ndi mlongo wanga Rozaria, amene akundidikirira kuno kuchipatala. Akuti ndizilemba m'malo momutopetsa ndi mafunso.

Ndine Tobias, dalaivala wa bungwe la alimi a mpunga. Kaya ndinene kuti ndinali. Ndili m'wodi ya abambo, bedi la pazenera. Fupa la ntchafu ya kumanja linathyoka, nthiti ziwiri zinang'aluka, pamutu anandisoka. Mwendowo sanauike pulasitala. Anabaya chitsulo pansi pa bondo n'kumangirirapo chingwe, chingwecho chadutsa pa kagudumu kumapazi kwa bedi, ndipo kunsonga kwake kukulendewera thumba la mchenga. Adokotala a mafupa akuti ndi makilogalamu asanu ndi awiri, lizikoka mwendo mpaka fupa ligwirane. Miyendo ya bedi ya kumapazi aikweza pa njerwa. Ine ndakhala ndikuimika magalimoto pa njerwa, lero aimikapo ine.

Mankhwala: jakisoni wa penesilini m'mawa ndi madzulo, panado, ndi ayodini pozungulira chitsulo.

Mervis, mkazi wanga, sanabwere.

Loweruka, 19 Ogasiti

Ndilembe zomwe zinachitika mutu ukadali bwino.

Galimoto inali yatsopano, pikiapu yomwe bungwe linalandira mwezi wa Meyi. Matayala ake anali asanathothoke n'komwe titsitsi tija ta m'mbali. Loweruka lapitali ndinanyamula matumba ochepa a mpunga kupita nawo ku Chiringa. Apongozi anga, amayi ake a Mervis, ankafuna kukaona mbale wawo wodwala komweko. Ndinatuma Mervis kuti akawauze akhale kutsogolo, mlembi wa bungwe akwere kumbuyo. Mervis anabwerako akuseka. Akuti amayi ati, "Ine mpando umodzi ndi akamwini, maondo kumagundana? Anthu a ku Nazombe andiona bwanji?" Chikwatirire pamudzi pawo pa Nazombe paja, ine ndi iwo sitinayang'anepo m'maso. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatuka. Ulemu wake ndi umenewo. Anakwera kumbuyo n'kukhala pa thumba, atafunda chitenje kumutu kuopa fumbi.

Sindinkathamanga. Munthu wanyamula apongozi sathamanga. Ndinangomva kumbuyo kumanzere kukuti phwa, phwa, phwa, kenaka chiwongolero chinandilanda mphamvu. Galimoto inayenda chammbali n'kugubuduka. Ndili chigonere m'ngalande ndinaona chikopa cha tayala chili tambalale pamsewu, chathunthu, chitasendeka chokha ngati khungwa la chinangwa.

Mlembi anangosupuka pachigongono. Apongozi anaponyedwa kutali, ndipo anamwalira anthu asanafike nawo kuno. Anawaika Lolemba, ine ndili pano wosadziwa ndi dzina langa lomwe. Ankandisungira nthochi zakupsa n'kumatuma mwana kudzandipatsa. Ndikuwalira.

Lolemba, 21 Ogasiti

Bedi loyandikana ndi langa kuli a Makina, nkhalamba ya kuchigwa yomwe ili ndi chilonda chosapola pamsongolo. Ali ndi kawailesi, mabatire ake amawayanika pazenera langa kuti atoleko mphamvu padzuwa. M'mawa uliwonse amandifunsa kuti, "A dalaivala, lero tikulowera kuti?" Lero ndawayankha kuti galimoto ili ku galaja. Aseka mpaka anesi kudzatikalipira.

Achotsa ulusi wa pamutu. Nthiti zikupweteka ndikamatsokomola.

Lachitatu, 23 Ogasiti

Rozaria wakhala akundibisira kanthu. Lero ndamupanikiza.

"Achimwene, musakwiye. A Goliati anayankhula kumanda."

A Goliati ndi amalume ake a Mervis, mlongo wawo wa malemu. Ndiwo mwini mbumba, mawu awo pamudzi paja sabwezedwa.

"Anati chiyani?"

"Akuti munaika mlongo wawo kumbuyo ngati katundu, inu n'kumathamangira kachasu wa ku Chiringa. Akuti galimoto yatsopano siigwa yokha. Alamu anga a Mervis awaletsa kubwera kuno mpaka nkhaniyi itakambidwa."

Kachasu ine ndinasiya ndisanakwatire, ndipo a Goliati akudziwa.

Nyumba ya ku Nazombe ndinamanga ndine, koma dothi ndi lawo. Akangoti mkamwini azipita, ndichoka ndi zovala zokha, mkazi ndi mwana wanga Aliness n'kutsala. Mwendowu sukundiopsa. Chomwe chikundiopsa ndi chimenecho.

Lachisanu, 25 Ogasiti

Kwabwera wapolisi kudzalemba mawu anga. Wandifunsa za sipidi katatu, za tayala kamodzi. Ndamufotokozera za chikopa chosendeka chija, iye n'kulemba kuti tayala linaphulika. Ndamuuza kuti silinaphulike, linavula. Wati kwa iye ndi chimodzimodzi.

Anesi a Ethel andiphunzitsa kudzikweza pogwira chitsulo cha pamwamba pa bedi, kuti msana usachite zilonda. Akuti ndizigwedeza zala za kuphazi nthawi zonse ndikakumbukira.

Lamulungu, 27 Ogasiti

Tsiku la alendo ambiri. Wodi yonse inanunkhira matemba ndi thobwa. Mkazi wa a Makina anabwera ndi makaka, iwo n'kumadandaula kuti mano atha, koma mbale inabwerera yoyera.

Mayi wina wa ku Nazombe, amene anabwera kudzaona wodwala wake, wandisiyira bakuli la kalongonda. Sananene wachokera kwa ndani, ine sindinafunse. Bakulilo ndi lathu, lija lophwanyika pachivundikiro. Ndadya pang'onopang'ono, nditayang'ana kukhoma.

Lachitatu, 30 Ogasiti

A Makina andidzutsa masana ndi ndodo yawo.

"A dalaivala, tamverani izi! Akunena za inu."

Pawailesi amanena kuti ku Amereka kampani ina ikuitanitsa matayala ake ambirimbiri chifukwa akumasendeka galimoto ili paulendo, magalimoto n'kumagubuduka. Anthu afa. Sindikudziwa ngati ali mtundu umodzi ndi anga, dzina lake sindinalimve bwino. Koma mmene amafotokozera, ndinachita kuona msewu uja.

"Ndiye kuti kumeneko tayala likalakwa amaliimba mlandu?" anafunsa a Makina. "Kuno timaimba dalaivala."

Ndatuma uthenga kwa wapampando wa bungwe kuti afunse kumene anagula galimoto ku Blantyre.

Loweruka, 2 Seputembala

Thupi latentha. Ayeza magazi. Malungo. Fansida mapiritsi atatu.

Lamulungu, 3 Seputembala

Ndasanza. Kuzizidwa.

Lachiwiri, 5 Seputembala

Fansida sanagwire. Andiika diripi ya kwinini. M'makutu mukulira.

Lachisanu, 8 Seputembala

Ndamwa phala. Rozaria akuti ndinkaitana Mervis mokweza mpaka wodi yonse yaloweza dzinalo. A Makina akuti akanakhala ndi miyendo akanapita kukamutenga okha kuti agoneko tulo.

Pachitsulo patuluka mafinya pang'ono. Anesi a Ethel akutsuka kawiri pa tsiku, ndipo abwezeretsa penesilini.

Lachiwiri, 12 Seputembala

Kwabwera bambo wa ku kampani yogulitsa magalimoto, limodzi ndi wapampando wathu. Munthu waulemu ndithu. Wandipepesa za maliro, wandibweretsera ndi malalanje.

Kenaka mafunso. Ndinkapopa mpweya wochuluka bwanji? Ndinanyamula matumba angati? Ndinagunda mwala? Ndayankha zonse.

"Bambo Tobias," anatero, "galimoto zathu n'zabwino. Matayala sitipanga ife, amachokera ku kampani ina. Komanso misewu yanu kunoku mukuidziwa nokha."

"Ndikuidziwa, bwana. Ndayendamo ndi matayala akutha, osalala ngati chipumi, koma silinandivulirepo ndi limodzi lomwe. Ili linali latsopano."

"Ndiye tibweretsereni tayalalo, ndi chikopa chakecho. Tikalitumiza kwa eni ake akaliyeze. Likapezeka ndi vuto, tilemba lipoti. Popanda tayala palibe chomwe tinganene."

Atapita, a Makina anati munthuyo wayankhula bwino kwambiri moti sanamve chomwe wanena.

Koma ine mtima wakhalako m'malo. Lipoti lotero likafika m'manja mwa a Goliati, sangapitirize kunena za kachasu. Wapampando akuti galimoto anaikoka itavala tayala lapadera, ndipo lowonongekalo sakudziwa komwe lili. Rozaria apita mawa kukafunsa.

Lachinayi, 14 Seputembala

Rozaria wabwerako fumbi lili mpaka m'nsidze. Anakhala pansi osandiyang'ana.

"Achimwene, tayala lija kulibe."

Anthu a mudzi wapafupi ndi pamalo a ngozi anatola tsiku lomwelo. Mbali ina anailengalenga zingwe zomangira katundu pa njinga. Chikopa chija anakapereka kwa Amosi, amene amasoka nkhwayira, nsapato za matayala zija, pamsika wa Chiringa. Anadula zonse n'kugulitsa. Amosiyo akuti sanaonepo tayala lomukomera mtima chotero, lobwera losendasenda kale.

Ndinayamba kuseka, kuseka kwake kopweteka nthiti. Umboni wanga uli m'mapazi mwa anthu, ukupita kumadimba ndi kumaliro. Sindingawakwiyire. Kwathu kuno tayala siligona pamsewu, ine ndemwe ndikanalipeza ndikanatola.

Rozaria anadzera ku Nazombe. Anakumana ndi Mervis kuchitsime n'kumuuza zonse. Akuti anangomvetsera, n'kusenza ndowa yake.

Lolemba, 18 Seputembala

Ajambula ekisileyi. Adokotala anaikweza pazenera n'kundionetsa kamtambo koyera kozungulira pothyokapo. Akuti ndi fupa latsopano, likubwera bwino. Mwendo udzafupika pang'ono. Achepetsa mchenga, tsopano ndi makilogalamu asanu.

Nkhani yabwino, koma ndinasowa woiuza.

Lachinayi, 21 Seputembala

Kwabwera nkhoswe yanga, atsibweni a kwathu. Anyamula thumba la feteleza, mkati muli malaya anga, mabuluku, jekete ndi nsapato za kutchalitchi. A Goliati atumiza. Akuti munthu ali m'chipatala amafuna zosintha.

Wodwala womangidwa pa bedi amafuna nsapato za kutchalitchi? Tonse tamva chomwe akunena. Atsibweni ati ndikatuluka ndipite kwathu kaye, nkhani ikakambidwe mitima itazizira. Ndikudziwa amuna ambiri amene anapita kwawo kaye. Ana awo akukula akuitana munthu wina kuti bambo.

Thumbalo Rozaria waliika pansi pa bedi. A Makina lero sanandiseke. Anangotsegula wailesi n'kuiika pafupi ndi khutu langa.

Lamulungu, 24 Seputembala

Mayi uja wa ku Nazombe wabweranso kwa wodwala wake. Akuti Mervis masiku ano sakhala pakhomo. Amabwereka njinga m'mawa, mwana kumbuyo, n'kubwerera dzuwa litapendeka. Anthu ayamba kunena kuti imfa ya amayi ake yamusokoneza mutu, chifukwa akumaimitsa anthu panjira n'kumawayang'ana kumapazi.

Ndinapempha Rozaria andithirire madzi akumwa.

Lachitatu, 27 Seputembala

A Makina apita nawo ku fiyeta, chipinda cha opareshoni, akamata khungu la pantchafu pachilonda chija. Abwerako akuyankhula Chilomwe chokhachokha, akukalipira anthu amene anamwalira kalekale. Madzulo anatsitsimuka n'kufunsa ngati wina wakhudza mabatire awo.

Mafinya a pachitsulo auma. Penesilini asiya.

Lolemba, 2 Okutobala

Mervis wabwera.

Analowa nthawi ya alendo masana, atavala duku lakuda, ataonda, thumba lili pamutu. Anakhala pansi pambali pa bedi.

"Mwaswera bwanji, abambo ake Aliness?"

"Ndaswera, kaya inu amake Aliness?"

Anamasula thumba n'kuyamba kutulutsa nkhwayira, kuziyala pa bulangete langa. Zazikulu, zazing'ono, zina zamatope. Anatenga imodzi n'kulowetsa chala m'mbali mwake, mphira n'kungotseguka pawiri ngati buku.

"Zonse zikutero," anatero. "Amosi anthu amutukwana mpaka wawaloweza mayina. Ndiye anandiuza kwawo mmodzimmodzi. Sindinavutike kupempha, ankachita kundiponyera."

Ndinamufunsa ngati amalume akudziwa kuti ali kuno.

"Ndinawauza kalekale kuti munaitanira amayi kutsogolo, kuti uthengawo ndinapereka ndine. Anati mkazi amabisa mwamuna wake. Ndiye ndinati ndiwapezere chinthu chosakwatiwa ndi inu."

Kenaka anapitiriza motsitsa mawu.

"Peya imodzi palibe apa. Amosi anati inagulidwa ndi mkulu wina wamtali wa ku Nazombe, wa chipewa cha mlaza. Ndinabwerera kunyumba. Ndinawapeza amalume pakhonde akusoka nkhwayira zawo ndi waya, akutukwana Amosi kuti ndi wakuba. Ndinagwada n'kuwauza komwe zinachokera."

"Anati chiyani?"

"Palibe. Anaziyang'ana, n'kuvula inayo yomwe inali kuphazi, n'kulowa nazo m'nyumba. Kuyambira tsikulo sakuyankhula ndi munthu. Lero ndawatsanzika kuti ndikubwera kuno, sanandiletse, sanandilole."

Ndiye sitikudziwa. Wabwerera madzulo chifukwa mwana anamusiya kwa anansi. Potuluka a Makina anamuitana. "Mayi, ndinu Mervis? Dzina lanu latisowetsa tulo muno." Anaseka atagwira pakamwa. Ndinali nditaiwala kasekedwe kake.

Lachisanu, 6 Okutobala

Wapampando anapita nalo thumba lija ku Blantyre. Wabwerako nalo. Bambo waulemu uja akuti analitsegula, n'kuyang'ana, n'kunena kuti izi ndi nsapato, si tayala. Nambala yomwe imalembedwa m'mbali mwa tayala palibe, ndiye sangadziwe ngati linali lawo. Lipoti sipakhala. Bamboyo wati wapampando andipatse moni.

Ndakwiya, koma mkwiyo wa munthu womangidwa mwendo suyenda mtunda wautali. Matayala atatu otsala aja wapampando akuti awachotsa, sawaikanso pa galimoto iliyonse. Ndamupempha kuti asawasiye poonekera, angathere m'mapazi mwa anthu ena.

Lachiwiri, 10 Okutobala

Achotsa thumba la mchenga, azula chitsulo. Kuzula kwake sikunapweteke monga ndinkaopera. Mwendo waonda, bondo lauma gwa. Bedi alitsitsa pa njerwa, ndipo ndikumva ngati ndikutsetserekera kumapazi.

Lachinayi, 12 Okutobala

Ndaima ndi ndodo ziwiri. Chizungulire. Anesi a Ethel mbali ino, Rozaria mbali inayo. Ndafika pakhomo la wodi n'kuona phiri koyamba chibwerere kuno. Kunja kwatentha, mitambo yayamba kusonkhana.

Adokotala akuti mwendowo ndisaupondere mwamphamvu mpaka Khirisimasi. Za kuyendetsa galimoto ati tidzakambirana chaka chamawa.

Lolemba, 16 Okutobala

Anditulutsa Lachitatu. Rozaria wandifunsa kuti tikakwere matola a kuti. Ndamuuza kuti andifunse mawa.

Ku Nazombe kuli zii.

Lachiwiri, 17 Okutobala

Ndinali pakhonde la wodi kuyeserera ndodo pamene ndinaona chipewa cha mlaza chikubwera pakati pa alendo. A Goliati. Mervis anali m'mbuyo mwawo patali. A Goliatiwo anali opanda nsapato, mapazi ali mbuu, m'manja muli kajumbo.

Ndinafuna kugwada, mwendo unakana. Anandiloza benchi, iwo n'kukhala kumapeto kwake.

"Mwadzuka bwanji, akamwini?"

"Ndadzuka, amalume, kaya inu?"

"Tadzuka."

Anamasula kajumbo n'kuika nkhwayira ziwiri pakati pathu. Imodzi inali yosokedwa ndi waya theka, waya wake akadali lende.

"Ndinazigula sabata ya maliro," anatero, akuyang'ana kuphiri. "Ndinapita nazo kumanda kukaona mtumbira wa mlongo wanga. Ndayenda nazo mudzi wonse ndikutchula dzina lanu, chonsecho chomwe chinamupha ndachipondera pansi pa phazi langa." Anazikankha pang'ono ndi chala. "Tayala lolephera kunyamula nkhalamba imodzi kupita kudimba."

Misozi inangotsika yokha, ndipo sindinaibise.

Kenaka anafunsa za mwendo, ngati ukupinda, ngati chakudya cha muno chimakhutitsa. Ndinayankha zonse. Anaimirira n'kuvala chipewa. Za mawa anali asananene kanthu.

"Mvula ili pafupi," anatero. "Denga la nyumba yanu likudontha mbali ya kuchipinda."

"Ndamva, amalume. Koma ndi ndodozi sindingakwere padenga chaka chino."

"Ndani wati mukwere? Udzu ndili nawo, ndikwera ndine. Inu mudzangokhala pansi n'kumandilozera podontha. Nyumbayo mukuidziwa ndinu."

Atapita, Rozaria anatulutsa thumba la zovala pansi pa bedi n'kupatsa Mervis kuti atsogole nalo.